Mkulu wa Mpingo ndi Kabotolo ka Chamba

Mashingozi anandigwira m'nyengo yozizira, chaka chimene ndinayamba ntchito yokolopa ku eyapoti ya Dublin. Anatuluka kumanzere, kuchokera pamsana kuzungulira mpaka pansi pa bere, matuza ondondozana ngati mzere wa linthumbu. Patapita milungu ingapo matuza anauma, ndipo ine ndinathamangira kutchalitchi kukapereka umboni kuti ndachira. Ndinapupuluma. Khungu linapoladi, koma ululu unatsalira m'kati n'kumanga nyumba.

Ululu wake ndi wovuta kuufotokozera munthu amene sanaumvepo. Zili ngati wina wakuthira chitedze panthiti, kenako n'kumasita pomwepo ndi nsimbi yamakala. Nsalu ikangokhudza, ndinkadumpha. Ndiye bambo wamkulu ine, wa imvi m'ndevu, mkulu wa mpingo, ndinkayenda m'nyumba mwathu ku Coolock mimba ili pamtunda mwezi wa Januwale, hita nditaikweza mpaka pamapeto, mkazi wanga ndi mwana wathu wamkazi akutuluka thukuta. M'basi ndinkakhala nditatsina malaya ndi zala ziwiri n'kuwakokera kutsogolo, ngati munthu wokataya khoswe wakufa. Tsiku lina mayi wina wachiairishi anandifunsa ngati ndadzitayira tiyi. Ndinangovomera, chifukwa kufotokoza kukanatifikitsa ku eyapoti ndisanamalize.

Dokotala wathu wa m'dera anandiyesa mankhwala osiyanasiyana. Ena sankagwira n'komwe. Ena ankagwira, koma ankagwira ndi mutu womwe. Panali makapisozi ena amene ankandisandutsa mbatata yophika. Lamlungu lina, mu holo imene timachita lendi kuseri kwa mafakitale, abusa anandipempha kuti nditsogolere pemphero. Ndinaima, ndinatsinzina, ndinapempherera odwala ndi abale amene akudikira mapepala awo. Kenako ndinangoti zii. Mpingo unaganiza kuti Mzimu wanditsikira, moti amayi ena anayamba kuimba chapansipansi. Pomwe ine ndinali nditagona chiimirire, nditatsamira gome. Mkazi wanga ndi amene anandikoka jekete, ine n'kudzidzimuka ndi Ameni wamphamvu. Mpaka lero pali anthu amene amati pemphero lija linawakhudza kwambiri.

Nditadikira pamzere nthawi yaitali, ananditumiza kwa dokotala wamkulu, mayi woona za ululu wokhawokha. Mkazi wanga, amene amagwira ntchito yosamalira okalamba, anandiperekeza. Amandidziwa kuti ndikakhala pamaso pa dokotala ndimasanduka ngwazi n'kumati ndikupezako bwino. Dokotalayo anayang'ana pakompyuta zonse zimene ndinamwapo, kenako anandikhudza panthiti ndi kathonje, ine n'kulira ngati mbuzi. Atatero ananena kuti patsala chinthu chimodzi chimene tingayese, mafuta a cannabis. Anati si onse amene amathandizidwa nawo, komanso kuti ayenera kundipemphera kaye chilolezo chapadera kuboma.

Ndinayang'ana kuchitseko kuti ndione ngati chinali chotseka.

"Adokotala," ndinatero m'Chingerezi changa cha Lamlungu, "mukunena fodya uja amasuta achinyamata m'mapaki?"

"Chomera chake n'chomwecho," anayankha, "koma inu simudzasuta. Ndi mafuta, muzidzathira pansi pa lilime."

"Ine ndine mkulu wa mpingo."

"Mpingo wanu umaletsa mankhwala?"

Iye sakanadziwa. Kwathu ndi ku Nkhotakota, ndipo Mmalawi aliyense amadziwa chimene chimabwera m'mutu akamva dzina limenelo. Kuyambira kusekondale, ndikangotchula kwathu, anzanga ankandifunsa ngati ndabwera nako kaphukusi. Moyo wanga wonse ndakhala ndikutsuka dzina la boma lathu, kuuza anthu kuti kuli mpunga, kuli nzimbe, kuli anthu oopa Mulungu. Fodya wamkulu sindinamukhudzepo, ngakhale wamng'ono yemwe. Bambo anga ankati wosuta chamba amathera ku Zomba atamangidwa zingwe, ndipo ine ndinakula ndikukhulupirira kuti ngakhale utsi wake wokha ukhoza kukuvula buluku pamsika. Ndiye ndikwere ndege, ndiwoloke nyanja, kuti mzungu wophunzira adzandilembere chamba?

Ndisanatsegule pakamwa, mkazi wanga anayankha. "Pemphani chilolezocho, adokotala." Kenako anatembenukira kwa ine n'kunena m'Chichewa, "Bambo, ukulu wanu wa mpingowo mumauvula limodzi ndi malaya mukangolowa m'nyumba. Ine ndatopa kudya ndikuyang'anizana ndi mchombo wanu."

Chilolezo chinatenga miyezi. Atandifunsa famase imene mankhwalawo azifikira, ndinachita nzeru zimene ndinkaziona ngati zakuya. Ya pafupi ndi kwathu ndinaikana, chifukwa theka la mpingo limagula komweko. Ndinasankha ya ku Crumlin, tsidya lina la mtsinje, ulendo wa mabasi awiri. Tsiku lokatenga ndinavala suti ndi tayi, ngakhale malaya ankandiotcha, kuti aliyense wondiona adziwe kuti uyu si munthu wa chamba.

Wa famase anali bambo waulemu, koma mawu ake anali ngati a wolengeza ndege. Anatulutsa kabotolo kakuda ndi kajakisoni kopanda singano, n'kuyamba kufotokoza. Ndiyambe ndi pang'ono. Ndisayendetse galimoto ndikamva chizungulire. Ndizibisa kutali ndi ana. Mawu akuti cannabis anawatchula mobwerezabwereza, ndipo nthawi iliyonse ndinkafupika.

"Muli bwanji ba elder?"

Mawuwo anachokera kumbuyo kwanga. Nditacheuka ndinaona mayi wa ku Zambia wa mumpingo mwathu, mkazi wa mkulu mnzanga, ali ndi mankhwala otsukira mano m'manja. Ndi namwino pachipatala cha ana chapafupi pomwepo. Zimenezi ndinkazidziwa bwinobwino, ndinazipemphererapo ngakhale atangoipeza ntchitoyo, koma m'nzeru zanga zakuya zija sizinalowemo.

"Ndili bwino, mayi," ndinatero. "Ndangodzatengera mnzanga wina."

Nthawi yomweyo wa famase anawerenga dzina langa lonse pakabotolo, n'kundipempha kuti nditchule tsiku langa lobadwa. Ndinatchula. Mayiyo anangoyang'ana mashelefu ngati muli nkhani yosangalatsa pa sopo.

Ndinasankha kuyamba Loweruka masana, tsiku limene sindinali pa shifiti. Ndinakonzekera ngati munthu wopita kuopareshoni. Ndinauza mkazi wanga kuti abise mipeni yonse ndi makiyi a galimoto, akhome chitseko chakutsogolo, ndipo ndikayamba kuvula kapena kulankhula zosadziwika asaitane apolisi, aitane abusa. Mwana wathu, amene anabadwira konkuno ndipo Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi, anali atakhala pamasitepe akundiyang'ana.

"Dad, you're so dramatic," anatero.

"Iwe, ukaona bambo ako akukwera padenga usadzati sindinanene."

Ndinapemphera, ndinakweza lilime, ndinathira. Kukoma kwake kunali ngati udzu wonyowa wosakaniza ndi mafuta ophikira akale. Ndinakhala pampando manja ali pamawondo, kudikira misala. Mkazi wanga ankapinda zovala, akundiba ndi diso. Ndinayang'ana khoma kuti ndione ngati liyambe kuyenda. Silinayende. Ndinayesa kuwerenga zala za dzanja langa, zinali zokwanira. Dzuwa linapendeka, ine ndidakali ndi nzeru zanga zonse, ndipo nthiti zikuotchabe monga mwa masiku onse. Kunena zoona ndinakhumudwa. Chinthu chimene ndinachiopa kuyambira ndili mwana chinalephera ngakhale kundiseketsa. Madzulo mkazi wanga anafuna kudula anyezi, n'kupeza kuti waiwala kumene anabisa mipeni. Tinaipeza mawa lake mu makina ochapira.

Kusintha kunabwera mwakachetechete, dokotala atandikwezera mlingo pang'onopang'ono. Choyamba kubwera chinali kuuma kukhosi, ndi njala ya mtundu wina imene inkandipititsa kufiriji ngati kuli m'bale wanga. Masiku ena ndinkamva mutu kupepuka ndikaimirira mofulumira. Kenako tsiku lina ndili kuntchito, ndikukankha makina okolopera pafupi ndi pofikira katundu, ndinazindikira kuti manja anga onse awiri ali pachigwiriro. Panalibe dzanja lotsina yunifolomu. Ululu unalipo, koma unali utakhala pansi, ngati mlendo amene wasiya kulongolola. Ndinaima pakati pa anthu ndi masutikesi awo, misozi ili m'maso. Bambo wina wodutsa anandisisita paphewa poganiza kuti ndasiyidwa ndi ndege.

Koma mtima sunakhazikike. Lamlungu lililonse ndinkayang'ana nkhope za anthu kuti ndione amene wamva. Wina akaseka kumbuyo, ndinkati akuseka ine. Mayi wa ku Zambia uja akandipatsa moni, ndinkamva ngati moniwo uli ndi mchira. Mkazi wanga anati ndingozisiya, matenda anga si nkhani ya mpingo. Ine ndinati ayi, munthu wanzeru amaitsogolera mphekesera isanamutsogolere.

Choncho pamsonkhano wa akulu a mpingo, titamaliza zokambirana za mipando yothyoka, ndinapempha kulankhula. Ndinaimirira, ndinamanga batani la jekete. Ndinayamba ndi mbiri ya matenda anga, ndinadutsa pa Yobu, ndinafika pa madokotala. Kenako ndinati, "Abale, ndikudziwa kuti nonse mwamva kale. Zimene mwamvazo n'zoona. Ine ndikumwa chamba."

Abusa anavula magalasi. Mkulu mnzanga, mwamuna wa namwino wa ku Zambia uja, anatsegula pakamwa.

"Ba elder, mukamba chani? Tamvela kuli ndani?"

"Mayi akunyumba sanakuuzeni? Tinakumana ku famase."

"Awe, sananiuze chilichonse. Uja sakamba za odwala, olo nimufunse. Manje ndimwe mwatiuza."

Anayamba kuseka, kuseka kogwira m'mimba, mpaka anatuluka panja kukatsokomola. Ine ndinatsala chiimirire ndi batani langa lomanga. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa. Mphekesera imene ndinkaithamangitsa ndinaibereka ndekha, pamaso pa mboni.

Si onse anaseka. Mkulu wina wa kwathu, bambo wachikulire woyendetsa takisi, anati, "Abusa, tchimo ndi tchimo ngakhale litavala yunifolomu ya chipatala. Mawa ana athu akagwidwa nacho adzati akutsanzira akulu a mpingo." Sindinamukwiyire, chifukwa akanakhala wina wadwala, mawu amenewo akanatuluka pakamwa panga, mwinanso ndi vesi pamwamba. Abusa anaganiza kuti ndipume kaye kulalikira mpaka aipempherere nkhaniyo. Ndinapuma nyengo yonse yachilimwe. Kenako anandiitana, anati afunsa anthu odziwa za chipatala ndipo sakuona kusiyana ndi mankhwala ena oletsa ululu, n'kundibwezera paguwa. Bambo wa takisi uja sanasinthe maganizo. Timapatsana moni, koma ndikamalalikira amawerenga Baibulo lake payekha.

Pofika nthawi imeneyo mpingo wonse unali utamva. Achinyamata anayamba kunditcha a Rasta, ine wa dazi lofika kunkhongo. Chimene sindinachiyembekezere ndi alendo a pamalo oimika magalimoto. Tikangoweruka, wina ankandikokera pambali. Mayi wina anati mawondo amuvuta, ndimugawireko timadontho m'kabotolo ka mafuta odzola. Bambo wina anati si iyeyo, ndi apongozi ake. Ndinkawauza kuti chilolezo chili m'dzina langa lokha, kugawa n'kulakwira lamulo, ndipo chimene chathandiza ine chikhoza kuwavulaza iwo, apite kwa dokotala. Mayi wa mawondo uja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Kale munali munthu wopatsa, a elder," anatero. "Chakusinthani chamba."

Sindinachire. Ndimanena zimenezi kwa aliyense wofunsa, chifukwa anthu amakonda nkhani za zozizwitsa. Masiku a mphepo yozizira yochokera kunyanja, nthiti zimayakabe, ndipo ndimabwera kunyumba nkhope ili ngati ndadya ndimu. Galimoto ndinaisiyira mkazi wanga, amene amayendetsa ngati akuthawa ngozi. Dokotala amandionabe nthawi ndi nthawi, ndipo anandiuza kuti tsiku limene mafutawa adzasiye kuthandiza tidzawasiya. Koma ndimagona, ndimagwira ntchito, ndimadya patebulo nditavala.

Mwezi wathawu mtsogoleri wa achinyamata anandipempha kuti ndikawalankhule za kuipa kwa mankhwala osokoneza bongo. Anati asankha ine chifukwa ndine wodziwa. Ndinafuna kukana, koma mkazi wanga anati ndipite, ndani winanso. Ndinakonzekera mlungu wonse. Ndinawauza za anyamata a kwathu amene ndinawaona akuwonongeka, ndinawauza kusiyana kwa mankhwala olembedwa ndi dokotala ndi zogula pakona, ndinawauza kuti ubongo wawo udakali wanthete. Ankamvetsera mwachidwi kuposa mmene amachitira ndikamalalikira, ndipo ndinayamba kudzimva. Pamapeto ndinafunsa ngati pali funso. Mtsikana wina wa kutsogolo, mwana wa abusa, anakweza dzanja.

"Uncle, are you high right now?"

Mwana wanga, amene anakhala kumbuyo kwenikweni, anabisa nkhope m'juzi. Ndinayankha kuti ayi, mmene akundioneramu ndi mmene ndinabadwira. Mtsikanayo anandiyang'anitsitsa kwa kanthawi, kenako anatembenukira kwa mnzake n'kunena kuti zimenezo ndiye zomvetsa chisoni kwambiri.