Tsiku Limene Nyanja ya ku Wales Inatitsekera Njira

Anzanga, nkhani iyi ndikaifotokoza pampopi kapena pamaliro, ena amaseka n'kumati amayi awa ukalamba wawalowa m'mutu, koma Mulungu ndi mboni yanga, zinandichitikira ine ndemwe ndipo sindikuwonjezera kanthu.

Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene sopo ndi mafuta ophikira tinkachita kuimira pamzere, koma boma linali ndi mtima wotumiza ana a anthu wamba kukaphunzira kunja. Ine mwana wa mu Matero, komboni ya mu Lusaka, amene ngakhale mtsinje wa Kafue ndinkangouonera pawindo la basi, ndinapezeka ndili ku Mangalande kukawonjezera maphunziro a unamwino. Ndinali ndi mnzanga wa ku komboni ya Kanyama, wamtali, wapakamwa, woseka mpaka azungu kutembenuka. Iye anali atasiya kamwana kakakazi, kongoleka kumene kuyamwa, m'manja mwa amayi ake okalamba, popeza bambo wa mwanayo anali atalowera ku Migodi osabweranso. Tsiku silinkadutsa osakatchula kamwanako.

Tchuthi chitafika, mzungu wina amene tinkagwira naye ntchito anatitumiza kwa amayi ake aang'ono, kumudzi wa m'mbali mwa nyanja ku Wales. Ha, dziko lija ndimalisowa mpaka lero! Mapiri obiriwira, timanyumba tamiyala topaka laimu, nkhosa mbwee ngati nkhuku za m'komboni. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti azungu amenewo m'nyumba sankayankhula Chingerezi ayi, anali ndi chinenero chawochawo, ndipo amayi a nyumbayo anatiuza kuti makolo awo ankalangidwa kusukulu akachiyankhula. Ndinawayankha kuti nanga si zomwezo zinkatichitikira ife kusukulu ya mishoni? Kuyambira pamenepo anatitenga ngati ana awo. Ankatiphikira msuzi wa nkhosa ndi timakeke ta pachiwaya, Lamlungu n'kutikokera kutchalitchi kwawo, kumene amuna ankaimba mpaka ine kugwetsa misozi osamva ngakhale liwu limodzi. Mnzanga uja anawaphunzitsa kumanga chitenje, iwo n'kumayenda nacho pakhomo amuna awo akufa ndi phwete.

Patsogolo pa mudziwo panali kachilumba kokhala ndi bwinja la tchalitchi chakale. M'mawa wina tinadzuka n'kupeza nyanja yachoka, pangotsala mchenga mpaka kukafika pakachilumbako. Inu, munaonapo madzi ochuluka chotero akusamuka? Amayi aja anatifotokozera kuti nyanja yakumeneko imapita n'kubwerera tsiku lililonse, ndipo ikachoka anthu amawoloka wapansi. Anatilola kupita, koma anandigwira dzanja n'kunena mobwereza kuti tikhale titabwerako nthawi ya chakudya cha masana isanakwane.

Tinapita, tinajambulana zithunzi, mnzanga akutola tizigoba toti akapatse mwana wake. Kadzuwa kanali kofunda, zomwe n'zosowa kumeneko, moti tinagona paudzu n'kumakamba za kwathu, za vitumbuwa vya pa msika wa Kamwala ndi za anyamata amene ankatiimbira likhweru. Pamene tinkadzuka, mchenga uja unali utaphimbidwa ndi madzi ofika m'akakolo.

Ine ndinati tingokhala pachilumba pomwepo mpaka nyanja ichokenso. Mnzanga anandiseka kwambiri, ati iwe mwana wa mu Matero uyopa chani, manzi aya ni ang'ono maningi. Inu a mu Lusaka mukumudziwa Kanyama nyengo ya mvula, madzi amalowa mpaka pansi pa bedi, koma munthu amangovula nsapato n'kuziika pamutu, kukweza chitenje, ulendo wa kuntchito. Iye anabadwira m'madzi oterowo, ndipo ananena kuti sangalole amayi aja adikire ndi chakudya chifukwa cha kachithaphwi. Nanga ine ndikanatsala ndekha? Tinavula nsapato, kuziika pamutu, n'kulowa.

Kumeneko ndiye ndinaphunzira kuti madzi a ku Kanyama amaima, pamene a m'nyanja amayenda. Ankazizira mpaka mafupa kuwawa, ndipo ankakumba mchenga pansi pa mapazi athu. Tisanafike n'pakati pomwe anali m'mawondo, posakhalitsa m'chiuno. Kenaka kunagwa chifunga chochokera kunyanja, mudzi osaoneka, chilumba osaoneka, ngakhale nkhope ya mnzanga ndinkangoiona mwa apo ndi apo. Kuseka kuja kunatha.

Ndiye tinamva belu. Linkalira pang'onopang'ono, nge, nge, ngati la maliro. Mnzanga anakuwa kuti ndi la tchalitchi cha kumudzi, tilitsatire, n'kuyamba kundikokera komweko. Tinayenda pang'ono madzi n'kufika m'chifuwa, nsapato zija zinapita. Sindikudziwa chimene chinandigwira, koma ndinaima n'kukana kupitirira. Pobwerera m'mbuyo ndinagunda bondo pamwala waukulu, ndipo ndinakwerapo n'kumukoka ndi chitenje iye akulimbana nane, ati belu likutiitana ndipo ine ndikumuphetsa.

Pamwalapo madzi anatitsatira. Anafika kumapazi, kenaka m'miyendo, ife titakumbatirana, mano akugundana. Apo mnzanga wolimba mtima uja analira ngati mwana. Sanalire za iye mwini ayi, koma anati amayi ake akalamba, ndiye kamwana kaja adzakalera ndani? Anandigwira kumaso ndi manja ozizira n'kundiuza kuti ndilumbire kuti ndikapulumuka ndekha, mwana wake adzakhala wanga. Ndinalumbira, ngakhale mumtima ndinkaona kuti tonse tikupita.

Amene anatipeza anali amuna awo a mayi aja. Akazi awo ataona chakudya chikuzizira anawathamangitsa ndi kaboti, ndipo iwo anatsata kulira kwathu m'chifungamo. Anatikokera m'boti ngati matumba a ufa, akutikalipira m'chinenero chawo, misozi ili mbwembwe. Kunyumba amayi aja anatifunditsa mabulangete osatidzudzula ngakhale pang'ono, ndipo tinamva pambuyo pake kuti mlongo wawo anamira panjira yomweyo ali mnyamata. Titawafunsa za belu, anati tchalitchi chawo chilibe belu lomveka kutali chotero, koma akale ankanena kuti pansi pa nyanjayo pali mudzi umene unamira, ndipo belu lake limalirabe. Amuna awo anapukusa mutu, ati ndi chitsulo choyandama chimene chimachenjeza zombo pamalo akuya. Kaya wolondola ndani, onse awiri anagwirizana kuti tikanalitsatira sitikanaonekanso.

Tinabwerera kwathu, n'kugwira ntchito limodzi zaka zambiri, ndipo tikakumana tinkaseka za nsapato zathu zimene zinatsala ku Ulaya. Lumbiro lija sitinalitchulenso. Koma mwana uja ali kusekondale, mnzanga anadwala, ndipo ndili pambali pa bedi lake anandifunsa mwakachetechete ngati ndikukumbukira za pamwala paja. Ndinamuuza kuti agone mtima uli m'malo. Atamwalira, mwanayo ndinamutengera kwathu ku Matero, ndinamuphunzitsa, ndipo pa ukwati wake ndine ndinakhala pampando wa amayi ake.

Ine lero ndimakhulupirira kuti Mulungu sanatilowetse m'madzi aja kuti atiphe, koma kuti mwana wamasiye adzapeze pogwira. Komabe inu amene ana anu akupita kunja masiku ano, muziwauza kuti eni dziko akanena nthawi ya madzi, azimvera, asamayese kulimba mtima kwa kwathu panyanja ya eni. Ndipo mukamalumbira kwa mnzanu pa nthawi ya mantha, muzilumbira zimene mungathe, chifukwa tsiku lake limadzafika ndithu.