Cornelius ndi Abale Opanda Foni

Cornelius wa kwathu kuno ku Wimbe anabadwa ndi ulesi wochenjera. Ali mwana, akamutuma kusankha fodya m'chigafa, tsamba labwino uku, lowola uko, iye ankangokumbatira mulu wonse n'kuumanga pamodzi. Bambo ake anamukwapula mpaka dzanja kutopa, koma ulesiwo sunatuluke. Unangokula, n'kukwera basi kupita ku Lilongwe kukaphunzira kompyuta.

Anabwerako ndi laputopu yong'aluka pakona, magalasi pamaso osadwala, ndi nyimbo imodzi: "mzere umodzi." Pa golosale ya a Mphepo ankatilalikira osamupempha. Ati m'chinenero cha kompyuta chotchedwa Python, opusa amalemba mizere yambirimbiri: kukonza thumba lopanda kanthu, kuyendera dzina lililonse, kulifunsa, kenako kuliponya m'thumbamo. Iye ayi. Amangolamula makinawo kamodzi: tenga aliyense mwa awa, ngati ali wakutiwakuti. Pompo mndandanda watsopano watuluka, wosefedwa kale.

"Nanga amene wawasefawo amapita kuti?" anafunsa a Mphepo.

"Saonekanso n'komwe, madala. Kukoma kwake n'komweko."

Magalasi ajatu anagwira ntchito. Olive, mphunzitsi wa pa pulayimale wochokera ku Simlemba, anamulola, ife n'kugwira pakamwa. Chinkhoswe anachiika kumapeto kwa mwezi, ndipo nkhoswe ya mnyamatayu anali amalume ake, a Lemani. Kenako akuchikazi anapempha kuti tsikulo lisendere kufupi, poti mlongo wake wa Olive ankanyamuka kupita ku Joni. Abale onse anafunika kuuzidwa.

"Tenga njinga ukawauze amalume ako pamaso," anatero mayi ake.

"Amayi, zimenezo n'za nthawi ya atsamunda. Penyani kuno."

Anali atalemba kale mayina a abale onse m'laputopu muja. Anagogoda mzere wake umodzi: tenga aliyense mwa abale, ngati ali ndi foni. Uthenga unauluka. Anazungulira mudzi wonse kuonetsa mzerewo ngakhale kwa ife amene timangoona tinyerere tikayang'ana pagalasi paja.

Komatu a Lemani foni anaisiya kalekale, ati imawasokosera m'munda. Makina anawadumpha mwakachetechete. Iwo, podziwa kuti chinkhoswe chikadali kutali, anakweza mabelo awo pa lole n'kupita kukagulitsa fodya ku Chinkhoma.

Tsiku linakwana. Akuchikazi anafika atatchena, Olive atamuphimba chitenje. Nkhoswe yawo inaimirira itanyamula thadzi loti isinthane ndi tambala wa kuchimuna.

"Anzathu ali kuti? Nkhukuyi ndiipereke kwa yani?"

Tambala anali gone pansi pa mpando wa a Lemani, miyendo yomangidwa. Pampandopo panalibe munthu.

"Uthenga unafika kwa onse," anatero Cornelius, akutsegula laputopu pamaso pa apongozi.

"Onse ake ati, iwe?" anakalipa mayi ake. "Amalume ako ali ndi foni?"

Mnyamata anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Mzere unali womwewo, wopanda cholakwa ngakhale chimodzi.

Olive anadzivundukula yekha. "Ndiye inenso, achimwene, foni yanga ikanagwera m'chitsime, bwenzi mutanditaya?"

Akuchikazi anabwerera ku Simlemba ndi thadzi lawo. A Lemani atafika n'kumva nkhaniyi, anangoti, "Poti ine pa abale sindilipo, akafunse makinawo amuimire unkhoswe."

Njinga imene anaikana ija waipalasa mpaka matayala kutha. Amafika kwa amalume, amakhala pansi m'chigafa, n'kumawasankhira fodya tsamba ndi tsamba, iwo osamuyang'ana n'komwe. Olive anadikira mpaka mvula yoyamba. Kenako anapempha kuti amusamutsire ku sukulu ina kwa Mwase, n'kufufuta nambala ya Cornelius.

Pa golosale amabwerabe. A Mphepo akamuona amakuwa, "Bwera, mzere umodzi! Lero wasefa ndani?" Iye amagula sopo n'kutuluka msangamsanga, laputopu ili kukhwapa, yotseka.