Yureya amene sindinakwirire

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinatsala pang'ono kudanitsa amayi anga ndi mnzawo wapamtima chifukwa cha feteleza. Nkhaniyi sindinaifotokozepo kwa anthu ambiri. Ndine wamanyazi, ndipo sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, koma kulemba kumandipepukira kusiyana ndi kuyankhula.

Kwathu ndi kufupi ndi Chipoka, chakumtunda pang'ono kwa njanji. Dothi la kumeneko ndi lamchenga, ndipo dzuwa likafika pamutu munthu wopanda nsapato amayenda modumphadumpha. Bambo anali msodzi. Nyengo imeneyo anali atapita ndi anzawo kumadooko a kumpoto, ndiye munda unatsala m'manja mwa amayi, amene anali ndi khanda la miyezi iwiri kumbuyo, ndi ine.

Chaka chimenecho tinali ndi theka la thumba la yureya basi, feteleza woyera wobereketsa uja. Amayi ankamusunga kuchipinda kwawo, pamwamba pa njerwa, atamanga kukamwa kwa thumba ndi mphira. Chimanga chitafika m'mawondo anga, mvula itagwa dzulo lake, anandidzutsa mmamawa. Anandipatsa ndodo yosongola, chitsekerero cha botolo ndi kambale.

"Zinthu zitatu, Esinati," anatero. "Boola, thira, kwirira. Dzenje litalikirane ndi chimanga ngati chala chako chachitalichi. Ukathira, ponda ndi chidendene."

Tinagwira bwino mpaka dzuwa litakwera. Kenako mwana anayamba kulira kosatonthozeka, thupi litatentha. Amayi anamumanga bwino nkuyamba ulendo wa kuchipatala, nandisiyira mizere isanu ndi itatu yomaliza. Mizereyo inali ya m'malire ndi munda wa Abiti Juma.

Abiti Juma anali mayi wamasiye, Msilamu, woseka mokweza. Ndi iwo amene anaperekeza amayi kuchipatala pobadwa khanda lija, ndipo ndi iwo amene ankatigawira usipa bambo akachedwa kubwera. Ifenso tikafuna kupha nkhuku, amayi ankaitana mlongo wawo wa Abiti kuti adzazinge, cholinga Abiti adye nawo.

Nditatsala ndekha, msana unandiwawa ndipo mchenga unayamba kuwotcha. Ndinakhala pansi nkuyang'ana timibulu ta fetelezayo m'dzanja langa. Tinali tozizira, ndipo tinkanyowetsa chikhatho patokha. Ndinaika kamodzi pa tsamba lonyowa, ndipo posakhalitsa kanasanduka dontho la madzi. Pamenepo ndinadzifunsa kuti, ngati chinthu chimasungunuka chokha chonchi, tikuchikumbira dzenje chifukwa chiyani? Shuga mu tiyi sitimukwirira ayi. Ndinaponya ndodo uko, nkumangothira patsinde pa phando lililonse. Mizere yonse ija ndinaimaliza mosakhalitsa, itangoti mbuu ngati munthu wawazapo mchere.

Mmawa mwake ndinathamangira kumunda kukaona. Timibulu tonse tinali titasowa. Mame anali atatisungunula, ndipo panangotsala timabala tonyowa. Ndinakondwa kwambiri, ndinkadziona ngati ndatulukira chinthu chimene akuluakulu sachidziwa.

Mvula inadula masiku ngati khumi. Tsiku lachitatu, ndikuzula udzu m'mizere ija masana, ndinamva kafungo kobaya m'mphuno, ngati ka matewera a mwana amene agonera m'beseni. Ndinayang'ana uku ndi uku kuti mwina mbuzi zinadutsa, koma panalibe mapazi. Ndinagwada nkununkhiza patsinde pa chimanga. Fungolo linkachokera pomwepo. Ndinapita ku mizere imene tinakwirira ndi amayi, nkununkhizanso. Kumeneko kunkangomveka dothi. Zinandidabwitsa, koma sindinauze munthu.

Mvula itabwerera, munda wonse unada bii, masamba otambalala, kupatula mizere isanu ndi itatu ija. Chimanga chake chinali chowezuka, mapesi owonda, masamba a mmunsi achikasu kuyambira kunsonga. Kutsidya kwa malire, cha Abiti Juma chinali chobiriwira ngati chathu china chija.

Amayi anaima pamalirepo nthawi yaitali, manja ali m'chiuno.

"Feteleza mmodzimodzi, tsiku limodzi, mvula imodzi," anatero, osati kwa ine koma kwa iwo eni. "Nanga bwanji mizere yokhayi yoyandikana ndi eni akewa?"

Kwathu anthu amakhulupirira kuti alipo ena odziwa kukawa, kutanthauza kukoka mphamvu ya mbewu za mnzawo mwamatsenga kuti ipite m'munda mwawo. Azakhali anga atabwera kudzaona mwana, sanachedwe kutchula mawuwo. Kuyambira tsiku limenelo amayi anasintha. Abiti akapereka moni, iwo ankayankha atayang'ana kumbali. Usipa umene Abiti anatumiza anaupereka kwa galu. Anandiletsa kupita limodzi ndi Abiti kumjigo. Kenako ndinamva akuuza azakhali kuti Loweruka atenga tambala wathu kupita naye kwa sing'anga wina wa ku Khombedza, kuti akatchule dzina la munthuyo.

Ngakhale ndinali mwana, ndinkadziwa chimene chimachitika dzina la mayi wamasiye likatchulidwa kwa sing'anga. Ana amamugenda. Pamaliro anthu amasuntha mkeka. Ena amasamuka kumene.

Ndinayesa kuyankhula kangapo. Ndinkati, "Amayi," iwo nkuti, "Ee?" ine nkuti, "Madzi atha mu ndowa." Komanso mumtima ndinali ndisanavomere kuti wolakwa ndine. Ndinali nditaona ndi maso anga kuti feteleza uja wasungunuka. Ngati sanalowe m'dothi, anapita kuti? Funso limeneli linkandivutitsa kuposa mantha.

Lachitatu ndinatenga thumba lija, limene amayi anali atalipinda kuti adzaikemo chimanga, nkukutumula m'makona mwake. Munatuluka timibulu tokwana zitsekerero ziwiri. Ndinatola zitini ziwiri zakale, nkudzazamo dothi lonyowa la kumunda. M'chitini choyamba ndinaboola ndi chala, nkuthira, nkukwirira. M'chachiwiri ndinangothira pamwamba. Zonse ndinazivundikira ndi zidutswa za mbale yosweka kuti nkhuku zisatole, nkuzisiya padzuwa kuseri kwa bafa. Ndinkapemphera kuti zitini zonse zikhale chimodzimodzi, chifukwa zikatero ndiye kuti mlandu si wanga.

Lachisanu masana ndinavundukula choyamba. Fungo la dothi basi. Nditavundukula chachiwiri, mpweya wake unandibaya mpaka misozi inalengeza. Ndinakhala pansi pomwepo, chitini chili m'manja. Ndinali nditapeza yankho, ndipo yankholo silinandikomere.

Amayi anali pakhonde, akumanga miyendo ya tambala ndi luzi kukonzekera ulendo wa mawa. Ndinaika zitini zija patsogolo pawo.

"Nunkhizani," ndinatero.

Ananunkhiza choyamba nkundiyang'ana. Atanunkhiza chachiwiri anabweza mutu msangamsanga.

"Iwe! Msinkhu wonsewu ukukodzera m'chitini?"

"Si mkodzo, amayi. Ndi yureya. Umu ndinakwirira, umu sindinakwirire." Ndinaloza chitini chachiwiri. "Mizere ya m'malire ija ili ngati chitini ichi."

Sanandimenye. Ndikanakonda akanandimenya. Anayang'ana chitini, kenako tambala. Anamasula luzi, tambala nkuthawa akudzikung'untha. Anavala chitenje china, nkubereka mwana.

"Nyamula zitini zakozo. Tiye."

Abiti Juma tinawapeza akusankha mpunga m'lichero. Atationa anadabwa, koma anatiyalira mkeka. Amayi anakana mkekawo nkukhala padothi.

"Abiti, ndabwera ndi manyazi," anatero. "Ndinakuganizirani zoipa. Mwanayu akuuzani."

Ndinafotokoza ndikuyang'ana zala za kumapazi. Abiti ananunkhiza chitini chachiwiri, nkuyetsemula, kenako anaseka mpaka mpunga unatayikira pansi.

"Walahi, Amake Esinati! Ine ndikanadziwa kukawa, ndikanalimbana ndi mizere yanu isanu ndi itatu? Si ndikanapita ku esiteti, nkukatenga munda wonse?"

Amayi anaseka pang'ono, akupukuta m'maso. Koma Abiti atasiya kuseka ananena motsitsa mawu kuti, "Usipa uja ndinaona galu akudya. Zinandipweteka, mnzanga." Amayi anangowerama.

Ine funso langa linali likadalipo, ndipo kwa nthawi yoyamba linatuluka lokha.

"Nanga fetelezayo anapita kuti?"

"Mmwamba," anayankha Abiti, akuloza kuthambo. Anati iwo ali mtsikana anagwirapo ntchito m'minda ya esiteti, ndipo kapitawo ankawabweza mzere wonse akapeza kambulu kamodzi poyera. "Palafini ukamusiya osatseka, mawa umamupeza? Yureya ndi chimodzimodzi. Akanyowa ali pamtunda, dzuwa nkumuomba, mphamvu yake imasanduka mpweya. Fungo lakuliza lija ndi chakudya cha chimanga chako chikuuluka. Ukamukwirira, dothi limachigwira mpaka mizu ichipeze."

Ndinafunsanso ngati kuli bwino kuthira mvula yamphamvu ikubwera, kuti imulowetse yokha. Anati ayi, mumchenga wathu uno madzi ambiri amamutsitsa pansi kupitirira mizu, ena nkukokoloka naye. Pafunika dothi lachinyezi chabe, osati louma, osati lodzaza madzi. Amayi anandiyang'ana modabwa, chifukwa anali asanandimvepo ndikufunsa munthu wamkulu mafunso awiri otsatizana.

Chilango changa anachipereka ndi Abiti. Kwa masiku anayi ndinkasenza manyowa owolerana a m'khola la mbuzi zawo, nkumakawakwirira m'mizere ija phando ndi phando. Chimangacho chinatsitsimukako, koma nthawi inali itapita. Chinabereka tizisononkho tating'ono, ndipo chaka chimenecho ufa unatithera msanga. Abiti anatigawira chinangwa chawo. Ubwenzi wawo ndi amayi unabwerera, ngakhale zinatenga nthawi kuti Abiti ayambirenso kulowa m'khitchini mwathu osaodira.

Lero ndili ndi munda wanga ndi mwana wanga wamkazi, amene wangoyamba kuyenda. Yureya amene ndimakwanitsa ndi wochepa, ndiye ndimamugawa pawiri, wina chimanga chili m'mawondo, wina chikayandikira kumasula. Ndimadikira chinyezi, ndimaboola, ndimathira, ndimaponda ndi chidendene. Anzanga omwaza pamtunda amamaliza msanga nkumandiseka kuti ndimachita ngati ndikuika maliro a kambulu kalikonse. Ndimangomwetulira. Koma chaka chatha mnzanga wina anayamba kunena kuti apongozi ake akumukawa. Sindinathe kumutsutsa ndi pakamwa, poti manyazi aja sanathe. Ndinangopita kwawo ndi zitini ziwiri.

Chimene ndimamvetsa tsopano ndi chakuti kufunsa kwanga kuja sikunali kolakwa. Cholakwa chinali kuyesera funsolo pa chakudya cha banja lonse, pamene chitini chinalipo, ndi kukhala chete pamene munthu wosalakwa ankalipira. Mmawa uliwonse ndikamachapa matewera, kafungo kaja kamandibaya m'mphuno, ndipo ndimaona amayi akumasula luzi ku miyendo ya tambala.