Chimwala cha pa Nyumba ya a Bernadeta

Nditabwerako ku Joni mu Okutobala, ndinapeza Blantyre ikutentha ngati chiwaya cha tchipisi. M'nyumba simunkakhalika, malata ankawotcha mutu, ndiye masana ndinkangoyendayenda. Ndi mmene ndinawadziwira a Bernadeta, ku Manje, m'munsi mwa phiri la Soche.

Ankaswa miyala. Amayi ambiri kumeneko amaswa miyala n'kumagulitsa kwa omanga nyumba, koma iwo ankalimbana ndi mwala umodzi wokha, chimwala chachikulu ngati minibasi. Chinatsika m'phiri nthawi ya namondwe wa Freddy n'kudzakhala pamene panali nyumba yawo. Tsiku limenelo iwo anali ku Bangwe, kwa mng'ono wawo amene anali atangochira mwana. Amuna awo, a Kalisto, anali alonda, ndipo anali ataweruka, ali mtulo m'nyumbamo. Matupi a anthu oyandikana nawo anapezeka m'matope kumunsi. La a Kalisto silinapezeke.

Chimwala chotere sichimva hamala. Ankasonkha moto wa matayala akutha pambali pake, chikatentha n'kuthirapo madzi, chibenthu n'kugwa. Kenako ankakhala pansi, chibenthucho pakati pa miyendo, n'kumagogoda. Utsi wakuda, dzuwa lili pamutu.

"Mayi, bwanji osapempha katapila?" ndinawafunsa tsiku lina. Kumene ndinkakhala, ntchito yotere ndi ya makina.

"Idzera pati?" anayankha osadzutsa mutu. Msewu unali utasanduka chigwembe.

Kumayambiriro kwa Novembala kunabwera a Dominiko, mkulu wawo wa a Kalisto, kuchokera ku Nsanje. Anaima pamthunzi wa chimwalacho, jekete ili m'manja.

"Alamu, kumudzi atopa kudikira," anatero. "Mwambo mukuudziwa. Munthu akapanda kupezeka timaika thunthu la nthochi m'manda, maliro n'kutha. Taonani, ana sanametedwe mpaka lero. Mvula ikayamba, pano si pokhala."

"Ali pansi apa."

"Mwadziwa bwanji?"

"Bedi linali apa."

"Nanga madzi aja..."

"Ine ndiika munthu, alamu. Nthochi sindinakwatiwe nayo."

A Dominiko anaseka pang'ono, kuseka kosafika patali. "Pakamwa panu mpomwe paja." Anayang'ana kuphiri, anayang'ana chimwala. Kenako anaika jekete pansi n'kutola hamala yaikulu.

Sanabwerere ku Nsanje. Ankagona kwa mnzawo ku Chilobwe, m'mawa n'kubwera ndi matayala pamutu. Ine ndinkatunga madzi othira pamwala, poti china chochita ndinalibe. Mulu wa miyala yoswa unkakula, chimwala chikuchepa. Mitambo inayamba kuunjikana pamwamba pa Soche. Kukagunda, anthu a ku Manje ankasiya zogwira n'kuyang'ana kuphiri. A Bernadeta okha sankayang'ana.

Chibenthu chomaliza tinachigubuduza ndi zitsulo, mothandizana ndi amuna ena apafupi. Chinagwera kumbali. Tinafukula dothi ndi makasu, kenako ndi manja.

Pansi pake panali simenti ya m'chipinda, yong'aluka apo ndi apo, polishi wofiira akuonekabe. Pamene pankaponda miyendo ya bedi panali timadontho toyera. Bedilo panalibe. Panalibe fupa, panalibe nsalu. Madzi anali atakokolola zonse chimwalacho chisanafike.

Amuna aja anabalalika mmodzimmodzi. A Bernadeta anaima pasimentipo nthawi yaitali. Kenako anapita kwa mayi wina wa pafupi kukabwereka tsache, n'kuyamba kusesa, kuyambira pakona, monga mmene munthu amasesera m'chipinda chake m'mawa. Madontho akuluakulu anayamba kugwa, fungo la dothi n'kukwera.

"Alamu," anatero, msana uli kwa a Dominiko.

"Ndikumva."

"Kaduleni nthochiyo. Musankhe yaitali. Ang'ono anu anali aatali."

A Dominiko anatola jekete yawo. A Bernadeta anapitiriza kusesa.