Zilembo Zonenepa za Achimwene a Wiebe

Achimwene anga a Wiebe ndi ouma pakamwa chibadwire. Mukawafunsa kuti adzuka bwanji, amayang'ana kumwamba n'kunena kuti mphepo yatembenuka. Zaka makumi anayi akhala akusindikiza mapepala m'kanyumba koyandikana ndi bekale yanga, ndipo zonse zimene tauni yathu yawerenga pakhoma zadutsa m'manja mwawo: maliro, msika wa ng'ombe, ukwati, galu wosowa.

Bambo athu anawasiyira zilembo zamatabwa zosindikizira. Zilembo zake zonenepa, zamimba, zazitali ngati buledi wathunthu, chilichonse chili ndi timapazi tophwatalala kumapeto. Lamulo la bambo linali limodzi: zimenezi n'zoitanira tauni yonse. Ndipo kwathu kuno choitana tauni yonse ndi chimodzi, ngalande ikaundana moti anthu n'kutsetserekapo. Choncho a Wiebe anasanjiratu mawu awiri, NGALANDE YAUNDANA, n'kuwamanga m'chimango chachitsulo. Zilembozo n'zochepa, moti kuti ulembe china uyenera kumasula mawu amenewo. Zaka khumi ndi chimodzi chisanu chinkangotinamiza, chimango chitatsamira khoma, chikudya fumbi.

Abusa anazipempha pa chikondwerero cha tchalitchi, anabwezedwa. Tjerk wogulitsa nyama anabwera ndi soseji yaitali ngati mkono. A Wiebe soseji analandira, zilembo anakana.

Chaka chatha mkazi wawo, mlamu wanga Sjoukje, anagonekedwa m'chipatala mumzinda wa Leeuwarden miyezi inayi. Tsiku lina ndikumusendera lalanje, anaseka mofooka.

"Aukje, ine ndikafa achimwene akowo adzandilemba ndi tizilembo tija ta mitengo ya tchizi. Pakona, pansi pa galu wosowa."

"Usalankhule zopusa iwe."

"Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, mlamu, sanandiuzepo n'kamodzi komwe. Kaya amandikonda, kaya anangondizolowera."

Zinandipweteka, ndipo ine chinthu chikandipweteka sindisunga. Ndinakazikhuthula zonse kwa mwini wake, ali pamakina pomwepo. A Wiebe anapukuta manja, n'kunena kuti mphepo yatembenukira kum'mawa. Ndinatsala pang'ono kuwagenda ndi buledi.

Sjoukje anachira. Anatumiza uthenga kwa achimwene kuti afika Loweruka pa basi ya m'mawa, koma asadziwe aliyense, chifukwa mankhwala anali atamuthothola tsitsi. Basiyo imaima pamlatho wa ngalande.

Loweruka kunacha kozizira. Ndikuika mabanzi mu uvuni ndinangomva Tjerk akukuwa mumsewu: "Zonenepa zatuluka! Anthuni, zonenepa zatuluka!"

Ndinasuzumira. Pakhoma la tchalitchi, pasukulu, uko kumlatho, mapepala aakulu, inki yofiira psuu. Mukuganiza kuti alipo anaima n'kuwerenga? Kwathu zilembo zimenezi siziwerengedwa, munthu ukangoziona chapatali miyendo imanyamuka yokha. Aliyense analowa m'nyumba kukafukula nsapato zotsetserekera, zija zokhala ndi zitsulo kunsi, zina zadzimbiri, zina za malemu. Abusa anatuluka ndi chipewa chaubweya chokhala ndi kampira kaulusi pamwamba. Mayi Hiltje, a zaka makumi asanu ndi atatu, anabwera akukankha mpando woti azigwirira pa madzi oundanawo. Wina anali atateleka kale supu wa nsawawa. Inenso, wamkulu ndi imvi zanga, ndinasiya mabanzi akupsa, ndikuthamanga uku ndikuseka ndekha.

Tinafika pamlatho tauni yonse, nsapato zili lendelende m'khosi. M'ngalande abakha ankasambira mwamtendere.

"Wiebe, wapenga eti?" anatero Tjerk, akupumira m'mwamba. "Madzi awa? Ukufuna timire ndi abusa omwe?"

A Wiebe anali chilili pansi pa pepala lawo, atavala jekete la paukwati wawo limene silitsekanso pamimba, manja ali inki yokhayokha.

"Werenga, Tjerk. Kusukulu unapitako."

Tinakweza maso. SJOUKJE WABWERA.

Nthawi yomweyo basi inaima. Sjoukje anatsika atamanga mpango kumutu, n'kutiyang'ana: anthu mazana atatu, nsapato m'khosi, abusa ndi kampira kawo, Mayi Hiltje atakhala pampando wawo pakati pa msewu. Kenako anaona pepala. Tjerk anayamba kuwomba m'manja, ena n'kumagundanitsa zitsulo za nsapato, phokoso mpaka abakha anabalalika. Ine ndinkalira uku ndikuseka, ndipo manyazi ndinalibe.

Mlamu anayenda pang'onopang'ono mpaka pakhoma, n'kukhudza chilembo choyamba cha dzina lake. Inki inali isanaume.

"Ndinati asadziwe aliyense, inu."

"Pakamwa sindinatsegule," anatero a Wiebe.

"Chimango chija mwamasula?"

"Ndamasula."

"Nanga ngalande ikaundana mawa?"

"Aziona okha. Maso ali nawo."

Sjoukje anayang'ana chala chake chofiiracho, n'kuwapaka achimwene pamphuno.

"Tanenanitu ndi pakamwa, bambo inu. Anthu abwera kale."

A Wiebe anayang'ana kumwamba, ndipo ine ndinati basi, tamvanso za mphepo. Kenako anatsitsa maso.

"Kunyumba kunkazizira, Sjoukje. Miyezi inayi yonse."