Sizasi M'malo mwa Nsapato

Ndikukumbukira chaka chomwe achimwene anga, a Lefisoni, anasankhidwa kupita ku koleji ya aphunzitsi ya kumishoni. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mutu waukulu, tsitsi lokanika chipeso. Bambo anali ku Joni, kumigodi. Atamva nkhaniyi anatumiza ndalama ya fizi ndi ina yapadera, ati mwana agule nsapato, asakachite manyazi pakati pa anzake.

Achimwene anakwera lole ya mbatatesi kuchoka kwathu ku Tsangano kupita ku Boma. Pobwera, tonse maso anali kumapazi awo. Kalanga ine, nkhwaila zomwe zija za tayala! M'thumba munatuluka sizasi, chipeso ndi kagalasi.

Malume, achimwene awo a amayi, anapsa mtima. "Iwe Lefisoni, mlamu wanga akumeza fumbi pansi pa nthaka kuti iwe uzigula zidole?"

"Malume, nsapato ndidzagula," anayankha achimwene atagwada. "Koma ndamva kuti kumeneko Lamlungu salowa m'tchalitchi munthu wosameta bwino, ndipo wometa ali kutali."

Vuto linali lakuti kumeta sankadziwa, ndiye munda wophunzirira unali mutu wangawu. Ankandikhazika pachitsa kuseri kwa nkhokwe, mphepo ya ku Tsangano ikundilowa m'mafupa, sizasi ikulira pafupi ndi khutu. Mutu unkatuluka zigamba zokhazokha, anzanga n'kumandiseka kuti ndadyedwa ndi makoswe. Tsiku lina anandidula khutu, magazi chuu! Ndinalira mudzi wonse n'kumva. Anandipepesa ndi nzimbe, tsitsi litangomera n'kundikhazikanso. Pofika tsiku lonyamuka, dzanja linali litawongoka.

Chaka chachiwiri bambo anabwera kumudzi ataonda, akutsokomola, m'manja mulibe kanthu. Fizi ya chaka chimenecho inali isanalipidwe, ndipo wosalipira ankabwezedwa kwawo. Amayi anasiya kudya. Malume anagamula kuti sukulu yatha, mnyamata akalembetse za ku Joni, alowe m'dzenje lomwelo lomwe linatha bambo. Ndinachita mantha kwambiri, chifukwa achimwene ndinkawakonda ngakhale anandidula khutu.

Patchuthi achimwene atamva chigamulocho sanatsutse. Anangomasula kansalu pamphasa, ndalama zachitsulo, matiki ndi makobili, n'kumwazika.

"Izi wazitenga kuti?" anafunsa malume mokayika.

"M'mitu mwa anzanga. Ndikameta atatu, ya mmodzi ndimagula sopo, ya awiri sindiikhudza ngakhale njala indipweteke chotani. Wangongole sindimeta, angakhale mnzanga wogona naye chipinda chimodzi."

Anatiuzanso akuseka kuti anyamata amene ankawanena za nkhwaila ndi omwewo ankagulitsa majekete awo mwezi usanathe. Ndalamayo inakwana fizi. Malume anadzuka, n'kukakhala pachitsa changa chija, n'kuvula chipewa.

"Tandimeta, mphwanga," anatero. "Koma khutu usamale."

Achimwene anamaliza koleji ali m'nkhwaila. Malipiro oyamba atatuluka anapitadi kukagula nsapato, zakuda, zonyezimira, koma za msinkhu wa phazi la bambo. Bambo anazivala kutchalitchi miyezi yochepa yomwe inawatsalira, akuyenda pang'onopang'ono kuti aliyense azione.

Masiku amenewo ndinkangoti achimwene ndi munthu woumira. Tsopano ndakalamba, ndikuona kuti mnyamata uja anali wolimba mtima kuposa akuluakulu onse a pamudzi pathu. Analolera kusekedwa, podziwa kuti ndalama yochokera kumgodi ikhoza kuleka tsiku lililonse. Adzukulu anga akamanyamuka kupita ku koleji, foni kumanja, ndalama m'thumba, sindiwalalikira. Ndimawagwiritsa chipsera cha pakhutu langali, n'kuwafunsa kuti pa ndalama apatsidwayo, sizasi yawo ndi iti.