Paipi ya Pansi pa Sinki

Ndinaganiza zopita ku Joni mu 2011, kaunjika atadzaza pamsika wa Balaka moti anthu anasiya kusoketsa zovala. Ndinagulitsa makina anga, ana awiri n'kuwasiya kwa mayi, ine n'kukwera basi.

Ku Durban ndinapeza ntchito ya m'nyumba ku Musgrave, pa fulati ya mayi wina wachimwenye wokalamba. Ndinkagona ku Mayville m'kachipinda ka lendi. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, koma Chichewa ndinkachiyankhula pa foni pokha, chitseko nditatseka. Mu takisi ndinkangovomera m'Chizulu kuti "yebo" n'kukhala duu, kuopa kudziwika kuti ndine mlendo.

Tsiku lina sinki ya kubafa inayamba kuchedwa kumwa madzi. Ndinathiramo madzi otentha, soda ndi viniga, koma sizinathandize. Abwana anayamba kundiyang'ana ngati ndaiwononga ndine, ndipo ndinaopa kuti ntchito itha. Anaitana bambo wosamalira mafulatiwo, amene aliyense ankawatcha Baba Moses. Ine ndinkawayesa Mzulu.

Anagwada, anatchera chidebe, n'kumasula paipi yopindika ya pansi pa sinki. Madzi akuda anawathovukira pamkono.

"Mayo ine, kununkha!" anatero.

Ndinagwira pakamwa. "Bambo, ndinu a kwathu?"

"Eish, kwanuko sindinapondeko, mwanawe. Ndinabadwira ku Bulawayo, koma atate anali a ku Ntcheu."

Anakoka ndi waya tsitsi lomatana ndi sopo, n'kundionetsa. "Imvi izi ndi zako? Usaope. Ulendo wina uzimasula wekha, n'kumangitsa bwino pomaliza." Atabwezera paipiyo n'kutsegula mpopi, madzi anatsika bwinobwino. Kuyambira pamenepo tinkadyera limodzi masana pa masitepe a kuseri, tikucheza motsitsa mawu.

Mu 2015 zipolowe zothamangitsa alendo zitabuka, ndinalongedza kuti ndibwerere kwathu. A Moses anandipatsa kapepala kolembapo dzina la atate awo ndi mudzi wawo. "Ukapeza wachibale, ukamuuze kuti atate anamwalira kalekale, tinawaika ku Bulawayo."

Pano ndili ku Balaka, ndikusokanso. Sabata yoyamba mwana wanga wamng'ono ankandiitana kuti anti, ndipo zinandipweteka kuposa kusungulumwa kwa ku Mayville. Nditakhazikika, ndinapita ku Ntcheu kukafunsafunsa mpaka anandilozera mayi wina wokalamba, mlongo wawo wa malemu atate a Moses. Ndinkayesa ndabweretsa uthenga wozizira umene palibe angaulabadire. Mayiwo anati ndibwereze dzinalo, kenako anakhala pansi n'kuyamba kulira. Oyandikana nawo anabwera n'kukhala pabwalo ngati maliro achitika dzulo.

Atatonthola, mayiwo analoza kumunsi kwa nyumba. "Mbali iyo ya munda ndi ya achimwene, timangowalimira. Nanga mwana wawoyo akukalambiranji kwa eni? Muimbireni."

Ndinaimba, n'kuwaikira foni kukhutu. A Moses atayankha, mayiwo sanapereke n'komwe moni.

"Ndine azakhali ako," anatero. "Ubwera liti?"